Kabatani ndi Sizasi Yotafuna Nsalu

Panali mtsikana wina wamng'ono. Kwawo ankamutcha Kabatani. Anali wamfupi. Nkhope yake inali yobulungira. Akasowa, ankapezeka pansi pa tebulo. Dzinali linamukhala ndithu.

Kabatani ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kudula nsalu mowongoka.

Kwa ena imeneyi si nkhani. Koma kwawo kwa Kabatani inali nkhani yaikulu. Bambo anali telala. Mayi anali telala. Achemwali ake ankadula, ankasoka. M'nyumba imeneyo ngakhale mphaka ankagona m'bokosi la ulusi.

Tsiku lina Mayi anapita kuchipatala. Kumeneko kunabadwa mwana. Bambo anabwerako nkhope ili ngwee.

"Mayi anu abwera Loweruka," anatero Bambo. "Tiyeni timusokere mwana kabulangete. Kakhale ka zigamba zinayi. Aliyense wa m'nyumba muno adule chake."

Mayi anali atadula kale chawo asanapite kuchipatala. Chinali chofiira. Bambo anadula chobiriwira. Khwa, khwa, khwa. Chinawongoka. Achemwali anadula chachikasu. Khwa, khwa, khwa. Chinawongoka.

Kunatsala chimodzi. Chinali cha Kabatani.

Kabatani anasankha nsalu yabuluu. Bambo anamulembera mzere ndi choko. Kenako anamupatsa sizasi yawo. Kabatani anaigwira ndi dzanja lamanzere. Pensulo ankagwira choncho. Supuni ankagwira choncho.

Anatsegula sizasi. Anatseka sizasi. Koma sizasi sinadule. Inangotafuna nsalu ngati mbuzi.

"Gwira bwino, mwanangu," anatero Bambo. "Sizasi imeneyi sinandichititsepo manyazi."

Bambo anaitenga. Khwa. Inadula. Anamubwezera Kabatani. Inayambanso kutafuna.

"Yesa yanga," anatero Achemwali.

Kabatani anayesa ya Achemwali. Inatafuna. Anayesa ya Mayi. Inatafunanso.

Achemwali anapukusa mutu.

"Kaya," anatero. "Mwina ulibe mwayi ndi sizasi."

Achemwali sananene mwankhanza. Amangolankhula basi. Koma mawuwo anamulowa Kabatani mumtima. Anamupweteka kwambiri.

Mawa lake Kabatani anayamba kufunafuna mwayi. Kodi mwayi wa atelala umakhala pati?

Mwina umakhala pampando. Kabatani anakhala pampando wa Bambo. Miyendo inali lendee. Anadula. Sizasi inatafuna.

Mwina umakhala m'tepi yoyezera. Kabatani anakoloweka tepi m'khosi. Tepi inafika mpaka pansi. Anadula. Sizasi inatafuna.

Mwina umakhala m'choko. Kabatani anapanira choko kukhutu. Anatsokomolanso ngati Bambo. Anadula. Sizasi inatafuna basi.

Nsalu yabuluu inkangochepa. Dzulo inali yaikulu. Lero inatsala pang'ono. Inatsala yokwana chigamba chimodzi.

"Bweretsa ndikudulire," anatero Achemwali. "Palibe adziwe."

"Ine ndidziwa," anatero Kabatani. "Mukadula inu, chikhala chanu."

Analowa pansi pa tebulo. Misozi inalengeza m'maso. Bambo anati aliyense wa m'nyumba muno adule chake. Nanga wosadula ndi wa m'nyumba iti? Kabatani anachita mantha.

Lachisanu m'mawa kunamveka mawu pamsewu.

"Nola, nola. Mipeni, masizasi. Nola, nola."

Anali bambo wina wonola mipeni. Ana ankawatcha a Nolanola. Ankayenda panjinga. Panjingapo panali mwala wonolera. Akapalasa, mwala unkazungulira.

Bambo anatulutsa masizasi onse atatu.

"Si obuntha ayi," anatero Bambo. "Koma tangowanolani. Mwina mwanayu angathandizike."

A Nolanola anayamba ntchito. Kabatani anakhala pakhomo. Ankangowayang'ana.

A Nolanola anapukuta thukuta. Anapukuta ndi dzanja lamanzere. Achemwali anawapatsa madzi. Ananyamula kapu ndi dzanja lamanzere. Anamanga kabawuti ka sizasi. Anamanga ndi dzanja lamanzere.

Kabatani anayang'ana dzanja lake. Anayang'ananso la a Nolanola.

Kunola kunatha. A Nolanola anatenga kansanza koyesera. Koma apa anachita zachilendo. Anasinthira sizasi kudzanja lamanja. Khwa. Inadula.

Kabatani anaimirira.

"Zikomo, bambo," anatero. "Ndifunse nawo?"

"Funsa, mwanawe."

"Zonse mumachita ndi lamanzere. Bwanji sizasi mwagwira ndi lamanja?"

A Nolanola anamuyang'ana. Kenako anaseka pang'ono.

"Uli ndi maso iwe," anatero. "Sizasi iyi ndi ya anthu amanja. Ukaigwira kumanzere, mipeni yake imatalikirana. Nsalu imangolowa pakati."

"Aa, iyayi," anatero Bambo. "Sizasi ndi sizasi. Ine ndakalambira pa ntchito imeneyi."

"Ndiye tayesani ndi lamanzere, atelala."

Bambo anakonza kolala. Anagwira sizasi kumanzere. Anatsegula. Anatseka. Sizasi inatafuna kansanza kaja.

Bambo anayesanso. Inatafunanso. Analuma mlomo. Anayesa kachitatu. Kansanza kanangopindika.

"Bambo," anatero Kabatani chapansipansi, "kodi nanunso mulibe mwayi?"

Achemwali anaphulika nako kuseka. A Nolanola anaseka mpaka njinga inagwedezeka. Bambo anakanda mutu. Kenako nawonso anaseka.

Zoti Kabatani ndi wamanzere, aliyense ankadziwa. Koma zoti sizasi nayo ili ndi dzanja lake, ayi. Atelala atatu m'nyumba imodzi, onse amanja. Palibe anaganizapo.

Bambo anagwada pafupi ndi Kabatani.

"Pepa, mwanangu," anatero. "Ndimangoti gwira bwino, gwira bwino. Chonsecho umagwira bwino kale."

"Nanenso pepa, mng'ono wanga," anatero Achemwali.

A Nolanola anapisa m'chikwama. Anatulutsa sizasi ina. Inali yakale. Utoto wake unali utasupuka.

"Iyi ndi yanga," anatero. "Ndi ya ife amanzere. Ndikubwereka mpaka Lachisanu linalo."

Kabatani analandira ndi manja awiri. Analowa m'nyumba. Onse anamutsatira, ndi mphaka yemwe.

Anayala kansalu kabuluu patebulo. Kanali komaliza. Bambo analemba mzere ndi choko.

Kabatani anatsegula sizasi. Anatseka.

Khwa.

Sizasi inadula. Inatsata mzere.

Khwa, khwa, khwa.

Mbali yoyamba inawongoka. Yachiwiri inawongoka. Yachitatu inawongoka. Yachinayi inakhota pang'ono pakona. Kabatani anayang'ana Bambo.

"Pamenepo pabisika mumsoko," anatero Bambo. "Nanenso ndimabisa zambiri mumsoko. Usauze anthu."

Mtima wa Kabatani unakhala pansi. Anasangalala kwambiri.

"Mawa ndikusakira sizasi yakoyako," anatero Bambo. "Ngakhale ndizungulire masitolo onse."

Masana Bambo anakhala pamakina. Analumikiza zigamba zonse zinayi. Chofiira, chobiriwira, chachikasu, chabuluu. Achemwali anasita. Kabatani anadula timaulusi totsalira. Anadula ngakhale tosafunika kudula.

Loweruka linafika. Mayi anabwera atanyamula mwana. Anali wamng'ono kwambiri. Anali m'tulo.

Kabatani anabweretsa kabulangete. Mayi anakatambasula pamiyendo. Anasisita chigamba chilichonse. Pa chabuluu anaima.

"Ichi wadula ndani?" anafunsa Mayi.

"Ine," anatero Kabatani.

"Wekha?"

"Ndekha, Mayi."

Mayi anamufunditsa mwana. Mwana anatsegula maso pang'ono. Anayasamula.

Mayi anamukokera Kabatani pafupi. Anamutembenuza mwana kuti amuone bwino.

"Taona," anatero Mayi kwa mwanayo. "Awa ndi achemwali ako. Nawonso ndi atelala a m'nyumba muno."