Filimu ya M'chitini cha Tiyi

Laurent anatuluka mu situdiyo ya Abdulmajidi ku Kariakoo, mumzinda wa Dar es Salaam, basi yomaliza ya ku Magomeni komwe ankakhala itapita kalekale. Munali mu Febuluwale wa 1965, kukutentha ngakhale usiku. M'thumba mwake munali zithunzi khumi ndi chimodzi pamodzi ndi filimu yake, zikununkhabe mankhwala.

Laurent sanali wojambula weniweni. Masana ankalemba katundu kudoko, Loweruka n'kumavutitsa anthu ndi kamera yake, ena kuwadula mitu pazithunzi, ena miyendo. Kamerayo inabwera mu 1957 ndi wamalinyero wina wosadziwa Chinyanja kapena Chiswahili. Anangoti "Hilary," n'kupereka, n'kubwerera kusitima. Hilary anali mlamu wake, wophika m'sitima zapamadzi, amene anasiya Dafroza, mlongo wa Laurent, ali ndi pakati n'kukazimiririka ku Mangalande. Kalata panalibe. Laurent anapsa mtima: mkazi akuvutika, iwe n'kutumiza choseweretsa! Filimu yomwe anaipeza mkatimo anaiponya m'chitini cha tiyi osaitsuka. Kamerayo ndiye sanaikane, poti mkwiyo wa Laurent unkadziwa polekezera.

Tsopano panapezeka bambo wabwino wofuna Dafroza, koma ansembe anakanitsitsa: popanda umboni woti mwamuna woyamba anafa, ukwati palibe. Dafroza sanali wamasiye, sanalinso wapabanja, ndipo zinkamvetsa chisoni. N'chifukwa chake Laurent anakatsuka filimu ija, kufuna chikwangwani chilichonse chamsewu choonetsa keyala yoti alembereko mlamuyo mawu owawa. Anangopeza nyanja yotuwa, gombe lamatope, mbalame, nyumba zazitali za padoko la Livapulu, ndi Hilary akuseka atavala chijasi. Chithunzi chomaliza chinaoneka chakuda bii, moti sanawonongerepo pepala.

Usikuwo anauyamba ulendo wapansi. Atatsikira m'dambo la Jangwani, achule onse anangoti zii. Pamlatho wa mtsinje wa Msimbazi panaima munthu.

Chijasi chofika m'maondo. Ku Dar es Salaam! Mu Febuluwale!

Laurent anapereka moni wa Chiswahili. Anadutsa, n'kuwonjezera liwiro. Kumbuyo kwake... tho, tho, tho. Madzi akudontha. Kamphepo kozizira kanamugwira m'khosi. Fungo la mchere.

"Alamu, mwachedwa kutsuka."

Laurent anaima. Mawuwo anali a Hilary.

"Ine ndinajambula khumi ndi chimodzi. Chomalizacho anajambula anzanga. Sadziwa kulemba kalata aja... Mukawaonetse amake Theresia."

Theresia! Mwanayo anabadwa Hilary atapita kale. Dzinalo analimva kuti?

Laurent anatembenuka. Panalibe munthu. Pansi pokha pananyowa.

Mmene anafikira ku Magomeni sakumbuka mpaka lero, ngakhale nsapato imodzi inatsala m'njira. Anayatsa nyali mwaphuma, mpaka galasi lake linagunda tebulo ndi kudzutsa Dafroza.

"Achimwene, kwagwanji usiku uno?"

Laurent anatambasula filimuyo, n'kuyandikitsa mbali yakuda ija pafupi penipeni ndi lawi. Pang'onopang'ono zinthu zinayamba kuoneka. Mulu wa dothi. Amuna anayi ataima, zipewa zili m'manja. Pakati pawo mtanda wathabwa, wolembedwa zilembo zikuluzikulu. Dafroza anasuzumira paphewa pake n'kuwerenga yekha, chilembo chimodzichimodzi: HILARY KACHINGWE, 1957.

Anzake a m'sitima aja anamuika m'manda, n'kujambula mandawo ndi kamera yake yomwe, n'kuitumiza kwawo. Kuzula maliro kwawo kunali komweko.

Dafroza anakhala pansi pasimenti. Sanalire msanga.

"Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikumutukwana," anatero. "Mwana ndamuphunzitsa kuti bambo ake anatithawa."

Laurent anazyolika. "Sanalembe kalata, mlongo wanga."

"Kalata inabwera, achimwene. Munaiika m'chitini cha tiyi."