Giya ya Achimwene Jamali pa Kamlatho

M'galimoto tinalimo atatu: ine, mwana wanga Fadili pachiwongolero, ndi mlongo wake Hamida kumbuyo, matenda a uchembere atamuyamba. Amene panalibe ndi mwini galimoto, achimwene anga a Jamali. Anali atamira m'nyanja ya Amaramba mwezi womwewo, ndipo Fadili anatenga makiyi sadaka yawo ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi, isanaphikidwe. Ndinamuletsa. Iye amvekere, "Amalume sangakwiye, mayi."

Tikuthamangira kuchipatala ku Insaca, galimoto inazima pakati pa kamlatho ka matabwa. Fadili anakankhira ndodo ya giya pa chilembo cha P kuti alizenso. Bateriya inali itafa. Ndodoyo inakanirira pomwepo.

Kumbuyo kunafika shapa, minibasi ya a Swalehe. Anavomera kumutenga Hamida, koma akanadutsa pati? Amuna anatsika kudzakankha. Matayala osasuntha.

"Ika pa N, iwe," anatero a Swalehe. "Unaphunzira kuyendetsa pa ngolo?"

"Yakana, bambo. Buleki ndaponda mpaka mwendo dzanzi."

Hamida anasiya kubuula. Chimenecho ndicho chinandiopsa.

Fadili anatuluka kukasuzumira injini, ine ndikutsala ndekha kutsogolo. Kenaka go, go, pagalasi langa. Panaima munthu wa kofiya yoyera, nkhope yosaoneka. Galasi linali lotseka, koma fungo la matope a kunyanja linadzaza m'galimoto.

"Chemwali, pambali pa ndodoyo pali kachivindikiro. Kanulani ndi kiyi wa pachitenje chanuyo, mubaye pansi."

Mawu amenewo ndinakula nawo. Sindinayang'anenso. Ndinapapasa, ndinakapeza, ndinabaya. Pokoka ndodo, pamwamba pa dzanja langa panali dzanja lina, lozizira, lonyowa.

Amuna anakankha galimoto kuichotsa pamlatho, shapa inadutsa itatenga Hamida. Hamida anabereka kukucha, mwana wamwamuna.

Onse akuti pamlatho sanaonepo mlendo. Koma Fadili atabwererako, anapeza mpando wa woyendetsa uli chinyowere, ndodo itabwerera pa P. Kachivindikiro kaja anakafunafuna, palibe. Galimoto ili pomwepo pambali pa mlatho mpaka lero, ngakhale ana sayikhudza.

A Swalehe ndinawapatsa nkhuku, zawo zinatha. Azamba analandira chitenje. Chatsala ndi mbuzi ndi mpunga wa sadaka ya achimwene. Fadili akuti tidikire zokolola. Ndamuuza kuti achimwene akadzagogodanso, wotsegula akhale iyeyo.