Mkate wa pa Mwala wa Bishopu

Mwana wina dzina lake Goda ankafuna kunyamula mkate. Ankafuna kukausiya yekha pa Mwala wa Bishopu.

Mwalawo unali pamphambano, kunja kwa mudzi. Kale Bishopu wina woyera mtima ankapumulirapo. Iye sankakwera hatchi. Ankayenda pansi. Anthu akamupatsa mkate, ankausiya pamwalapo. Ankasiyira apaulendo.

Bishopu anamwalira Goda asanabadwe. Koma mkate sunkasowa pamwalapo. Mabanja a m'mudzimo ankasinthana kuusiyapo. Lero banja ili. Mawa banja lina.

Tsiku la banja la Goda linafika.

"Amayi, ndipite ine," anatero Goda.

"Iwe?" anaseka Odda, mchimwene wake. "Ukafika ndi kansalu kokha."

"Musiye," anatero amayi. Anakulunga mkate wa balere m'kansalu. "Gwira ndi manja awiri, mwanawe."

Goda ananyamuka. Mphepo inali yozizira. Mkate unali wofunda. Mkate unkanunkhira.

Goda ananyema kachidutswa. Ananyemanso kena. Kenaka kena.

Atafika pamwala, mkate unali utatha.

Goda anayang'ana mwala. Anayang'ana kansalu. Anabwerera kunyumba pang'onopang'ono.

"Wasiya?" anafunsa amayi.

"Eee," anatero Goda. Koma anayang'ana pansi.

Masana kunagwa mvula. Pakhomo panafika mlendo. Anali wokalamba, wosenza thumba la mchere. Dzina lake linali Hega.

"Pepani, mayi," anatero a Hega. "Sindinadye kuyambira dzulo. Ndimadalira Mwala wa Bishopu. Ndapeza palibe kanthu."

"Palibe?" anadabwa amayi. "Mwina akhwangwala atola."

"Mwina," anatero a Hega. "Zaka zonsezi mwala uja sunandimanepo."

Odda anayang'ana Goda. Sanaseke. Anangotenga madzi ofunda, nayamba kutsuka mapazi a mlendo.

Goda anabisala kuseri kwa chitseko. Manyazi anamugwira. Anaona mapazi otupa. Mimba yake inali yokhuta. Ya mlendo inali yopanda kanthu.

Goda anatuluka kuseri kwa chitseko kuja.

"Si akhwangwala," ananong'ona. "Ndine."

Amayi anawerama.

Pathandala panali mkate umodzi waung'ono. Unali wa Goda, wodya madzulo. Goda anautenga ndi manja awiri. Anagwada pamaso pa mlendo.

"Pepani, agogo," anatero. Misozi inagwera pamkate.

"Mchere ndili nawo kale, mdzukulu," anatero a Hega. "Usathirenso wina."

Anadalitsa mkatewo. Anaunyema pakati.

"Ndili mwana ndinamuona Bishopu," anatero. "Sankadya yekha. Theka iye, theka mnzake. Tenga."

Goda anapukusa mutu. "Ine ndadya kale, agogo. Ndadya wanu."

Apa Odda analephera kupirira. Anaseka. A Hega nawonso anamwetulira.

"Ndiye theka ili ndi la yani?" anafunsa a Hega.

Goda anaganiza. Anayang'ana kunja. Mvula inali ikugwabe. Msewu unali wautali.

"Kumbuyo kwanu kukubwera ena?" anafunsa.

"Nthawi zonse," anatero a Hega.

Goda anakulunga thekalo m'kansalu. Amayi anavula chofunda chawo chaubweya. Anamufunditsa.

"Tiye limodzi," anatero Odda. "Ndikathamangitse akhwangwala aja."

Anayenda awiri m'matope. Mphepo inali yozizira. Mkate unkanunkhirabe. Goda sananyeme.

Anauika pamwala. Anauvundikira ndi mbale yamtengo imene anabwera nayo kuti usanyowe. Anapemphera pang'ono chamumtima.

Kunyumba moto unali ukuyaka. A Hega anali atagona tulo pafupi ndi moto. Amayi anali atafunditsa mkaka m'makapu awiri.

"Wasiya?" anafunsa amayi.

"Eee," anatero Goda.

Ulendo uno anawayang'ana m'maso.