Ndowa ya Enifa

Enifa ankakhala ku Kings Heath, kutsidya kwa nyanja, ndi amayi ake. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Amayi ake anali namwino.

Enifa ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kumva amayi ake akuseka.

Masiku amenewo amayi ankabwera kuntchito atatopa. Ankangokhala pampando, duu! Tsiku lina anatulutsa nsomba mufiriji. Inali youma gwa! ngati njerwa. Amayi anainunkhiza.

"Koma nsomba za kuno abale!" anatero amayi. "Sizimveka fungo la mtsinje. Ndasowa kwathu ku Linthipe."

Enifa anamva chisoni. "Ndikawagwirira nsomba yeniyeni," anatero mumtima.

Enifa anali ndi mnzake wa kutchalitchi, dzina lake Bupe. Bambo a Bupe, Ankolo Maynard, ankakonda kuwedza. Loweruka m'mawa anawatenga atsikana awiriwo pa galimoto.

Enifa ananyamula ndowa yachikasu. M'ndowamo anaikamo kapepala ka mchere.

"Ndowayo ndi ya chiyani?" anafunsa Bupe.

"Ndi chinsinsi," anatero Enifa.

Anadutsa tauni ya Solihull. Nyumba zinatha, minda inayamba. Kenako anafika pamtsinje.

Eee, kukongola kwake! Nkhungu inali itagona pamadzi. Mitengo inali itawerama. Kunali zii.

Ankolo anawaveka magambuti aatali, ofika m'chifuwa. Enifa ankayenda ngati bakha. Bupe anaseka. Nayenso ankayenda ngati bakha.

"Tilowa m'madzi," anatero Ankolo. "Pano ndi posaya. Phazi limodzi, kenako linalo. Pang'onopang'ono. Nsomba zimamva."

Enifa analowa. Phazi limodzi, kenako linalo. Pang'onopang'ono.

Madzi anafika m'mawondo. Ankamukankha mofatsa. Nkhungu inayamba kuchoka. Enifa anayang'ana pansi. Anaona mitambo m'madzi. Mitamboyo inkayandama pafupi ndi mawondo ake.

"Bupe," ananong'ona, "tikuyenda kumwamba."

Kambalame kabuluu kanadutsa, pyuu! Tsidya lina ng'ombe inkawayang'ana.

Ankolo anaika nyongolotsi kumbedza. Enifa anaponya. Thibu! Bupe anaponya. Thibu! Anadikira. Anadikirabe.

Chingwe cha Bupe chinagwedezeka. Bupe anakoka ndi mphamvu zonse. Ha! Linali tsamba.

"Ndiwo zapezeka," anatero Ankolo. Onse anaseka chapansipansi.

Kenako chingwe cha Enifa chinati gwede. Chinatinso gwede, gwede. Ndodo yowedzera inapindika!

"Yadya! Yadya!" anafuula Bupe. Anamugwira Enifa m'chiuno kuti asagwe.

Enifa anakoka. Nsomba inakoka. Enifa anakokanso. Ankolo anaitenga ndi kaukonde.

Inali nsomba yobiriwira. Inali ndi mizere yakuda. Zipsepse zake zinali zofiira psuu!

"Kuno amaitcha pechi," anatero Ankolo. "Nyowetsa manja, uigwire bwino. Kumsanaku kuli minga."

Enifa anaigwira.

"Bupe, thamanga! Ndowa ija! Imeneyi ndi ya Amayi."

Bupe sanathamange. "Oh no, Enifa," anatero. "Timazibweza."

"Kuzibweza kuti?"

"M'madzi."

Enifa anadabwa. Munthu n'kugwira nsomba, n'kuibweza? Zimenezo anali asanazimvepo.

Ankolo anawerama. "Pepa, mwanawe. Ndinaiwala kukuuza. Eni ake a malo ano ali ndi lamulo. Timagwira, timaiona, timaibweza. Inenso tsiku loyamba ndinabwera ndi poto!"

Enifa sanaseke. Misozi inalengeza m'maso.

"Nanga Amayi ndikawapatsa chiyani?"



Enifa anayang'ana nsomba ija. Inkatsegula pakamwa, n'kutseka. Inkatsegula, n'kutseka. Inkafuna madzi.

"Nawenso wasowa kwanu?" Enifa anaifunsa.

Anatsitsa manja m'madzi. Pang'onopang'ono. Nsomba inaima kaye m'manja mwake. Kenako inagwedeza mchira. Inalowa m'mitambo muja, osaonekanso.

Madzulo Enifa anafika kunyumba. Amayi anali pampando uja, duu! Yunifolomu anali asanavule.

Enifa anaika ndowa pansi. Munali mchere wokha.

"Amayi, ndinakugwirirani nsomba," anatero akulira. "Inali yokongola. Koma kuno amazibweza. Ndabwera chimanjamanja."

"Bwera kuno, mwanangu," anatero amayi.

Anamugwira manja onse awiri. Ananunkhiza dzanja limodzi. Ananunkhiza linalo. Anatsinzina.

"Mayo ine," anatero. "Matope. Ndere. Nsomba yamoyo. Enifa, ili ndi fungo la Linthipe!"

"Zoona, Amayi?"

"Zoona! Ine ndi achemwali anga a Esnath tinkalowa m'madzi ndi chitenje. Tinkagwira tinsomba. Tinkabwera kunyumba tikununkha chonchi."

Enifa ananunkhiza manja ake. "Fuu! Ndikasambe."

"Iwe! Usasambe kaye!"

Ndipo amayi anaseka. Anaseka kwambiri. Anaseka mpaka misozi mbwe! Enifa anali asanamve kuseka kumeneko kwa masiku ambiri.

Loweruka lotsatira amayi analibe shifiti. Mumtsinje munalowa anthu anayi.

Amayi anavala magambuti aatali. Ankayenda ngati bakha wamkulu.

"Phazi limodzi, kenako linalo," anatero Enifa. "Pang'onopang'ono, Amayi. Nsomba zimamva."

Koma amayi akanatha? Madzi atangofika m'mawondo, anayamba kuseka. Anaseka mpaka ng'ombe ija inadzidzimuka. Nsomba zonse zinathawa.

Tsiku limenelo sanagwire ngakhale imodzi. Enifa sanadandaule. Anangogwira dzanja la amayi ake, n'kumayenda nawo m'mitambo.