Wofunsa Pokocheza

Effie Mkandawire sankaopa ntchito ya usiku. Zaka zinayi akusamalira okalamba ku London, anali ataona zambiri. Madzulo ena a Novembala anatsika basi ku Thamesmead kukagona kwa a Cotterill, mzungu wokalamba amene anapuma ntchito ya kasitomu kalekale. Miyendo yawo inali itafa zaka ziwiri zapitazo. Pakamwa pokha ndi pomwe panatsala moyo.

Atamwa tiyi, anamuonetsa mapu akale a mtsinje wa Thames, odzaza mizere yofiira.

"Kale boma linkasankha madoko pomwe sitima zizikocheza," anatero. "Doko lililonse ndi malire ake. Ukatsitsa katundu kunja kwa mzere, sitima ulandidwa. Ena anafera pamadzi akudikira kuuzidwa pokocheza."

"Mawa mudzamaliza, bambo. Gonani."

Cha m'ma thu koloko, kunamveka kugogoda pachitseko. Katatu. Effie anatsekula pang'ono, tcheni chili pomwepo.

Panali mwamuna wamtali, wovala chijasi chofika m'maondo. Madzi anali chuchuchu kuchokera m'chipewa chake. Komatu tsiku limenelo mvula sinagwe. Ankanunkha matope ndi phula.

"Mkulu wa doko ali muno?" anafunsa. "Tilipo khumi ndi awiri m'sitima. Atiuze ngati pano n'pololedwa."

"Muno mulibe doko. Muli wodwala. Kazipitani ndisanaitane apolisi."

Anakhoma, kiyi n'kuika m'thumba la yunifolomu. Anakoka mpando, nakhala pakhomo la chipinda cha a Cotterill. Mpaka lero amalumbira kuti sanaodzere ngakhale pang'ono.

Kutayamba kuyera, anasuzumira. Bedi lokhalokha. Njinga yawo ya olumala ili pakona. Chitseko chokhoma, kiyi ali m'thumba. Nyumbayo inali pansanjika yachisanu.

Effie anatsata madontho a madzi pamasitepe, kuwoloka msewu, mpaka kukhoma la mtsinje.

A Cotterill anali ataima m'matope. Ataima ndithu, ndi miyendo yawo, opanda nsapato. Dzanja ali m'mwamba, akukodola. Pamtsinje panali chifunga chokhachokha.

"Bambo!"

"Atsika onse," anatero, nkhope ili mwee. "Ndawalola."

Pompo miyendo yawo inafooka, n'kugwera m'manja mwake. Akuwanyamula, Effie anaona mapazi ambirimbiri m'matopemo, otuluka m'madzi kulunjika kumtunda. Obwerera panalibe.

Mabwana ake atamufunsa, ananena zonse monga zinachitikira, osachotsa kanthu. Anangoyang'anana. A Cotterill anamwalira patatha sabata, ali m'tulo.

Tsiku lomwe Effie anabwera kudzabweza kiyi, anakumana pamasitepe ndi amayi Miriam, a ku Zambia, okhala khomo loyandikana. Anamukokera pambali.

"Mwana wanga, a m'sitima aja sanali oyamba," ananong'ona. "Sitima zodikira n'zambiri pamtsinje paja. Bambo aja ndiye ankawadziwa mayankhidwe. Lomba kulibe. Usiku watha agogoda pathu."