Batire la Mkamwini

Chaka chimene mvula idadula chimanga chikadali m'mawondo, pakhomo pa Abiti Chande ku Nselema padalibe mtendere. Nkhokwe idali pululu, anthu ankagonera mango owiritsa, ndipo mwana wawo Mwanahawa, amene adali ndi khanda, mkaka udayamba kumuuma. Koma mkamwini wa pakhomopo, Usumani wa ku Ulongwe, ankangolowa ndi kutuluka m'nyumba, mtima uli pa kompyuta.

Usumani adali mphunzitsi wa sayansi, ndipo ankafuna malo a maphunziro apamwamba kunja. Akuluakulu a kumeneko adampatsa ntchito yomuyesera nzeru. Pali chitsulo chotchedwa tangisiteni, chija chinkayaka m'mababu akale. Chikatenthedwa koposa dzuwa, tizidutswa take totchedwa maelekitironi timasendeka ngati makoko a chimanga, ndipo chotsalacho chimatulutsa kuwala kwa ekisire, konga kuja amajambulira mafupa kuchipatala. Iye ankayenera kulosera ndi masamu okha mizere imene kuwalako kungajambule, akatswiri asanapime ndi makina. Kompyuta yake yokalambayo inkawerengera masamuwo osapuma, ikudya moto wa batire lalikulu la sola. Kungozima, zonse zikadayambiranso poyamba.

Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso. Mawu awo amadzera mwa mwana wamkazi. Abiti Chande adaitana Mwanahawa.

"Ukawauze amuna ako kuti ku Nayuchi kuli munthu akusinthitsa thumba la chimanga cha ku Mozambiki ndi batire. Mwanayu kulira kwake sikukundisangalatsa."

Mwanahawa adaima pakhomo, naona mwamuna wake akuluma zala pamaso pa kompyuta, ndipo mawu adamuthawa. Atabwerera kwa amake adangoti, "Amva." Mayiwo adayesa kuti nkhani yatha. Lachisanu, Usumani ali ku mzikiti, Abiti Chande adazula mawaya napereka batirelo kwa mlongo wawo, Che Hamadi, amene adali mwinimbumba.

Usumani atabwerako adapeza kompyuta ili bii. Adamenyetsa chitseko mpaka dothi lidayoyoka pakhoma. Kenaka adachita chimene munthu woleredwa sachita: adalowa m'khitchini mwa apongozi ake, nsapato zili kuphazi, nawayang'ana m'maso.

"Mwandipha, mayi inu! Thukuta langa lonse mwalizimitsa ngati koloboyi! Kutenga chinthu cha mwini osapempha, dzina lake n'chiyani?"

Abiti Chande adadzifunda mpango kumaso, natembenukira kukhoma, misozi ikutsika.

"Mwanahawa! Dzaone amuna ako andivula! Lero ndasanduka mbava pakhomo panga?"

Mwanahawa adagwada pakati pawo, khanda lili kumsana. "Bambo a mwana, wolakwa ndine. Amayi adandituma, koma ine ndidaopa nkhope yanu."

M'mawa mwake Che Hamadi adafika ndi thumba panjinga. Atamva zonse adaliika pakati pa bwalo, osalimasula, ndipo adakhazika anthu pansi.

"Aphunzitsi, batire n'lanu, sitikukana. Thumba ili. Mukalibweza ku Nayuchi lero lomwe, mwina mulipeza batirelo lisanaoloke malire. Koma mukatero mupitirire konko mpaka ku Ulongwe. Ankhoswe anu tiwatumira uthenga. Mbumba yanga situkwanidwa ndi mlendo."

Usumani adadzuka, nazungulira thumbalo, nakhalanso, nadzukanso. "Amalume, nthawi imene adandipatsa yatsala pang'ono. Mwayi wotere subwera kawiri."

Abiti Chande adayankha atafulatira, ngati akulankhula ndi nkhokwe. "Ife chaka chino tidabzala, zidapserera. Tidabzalanso, zidapsereranso. Tidatukwana yani?"

Pomwepo khanda lidalira, kulira kwake kopanda mphamvu ngati kwa mwana wa mbuzi wobadwa m'chilimwe. Mwanahawa adaliika kubere, koma lidalavula n'kuyambanso kulira. Usumani adaimvetsera nthawi yaitali nyimbo imene masiku onsewo inkamudutsa m'khutu. Adasolola mpeni m'thumba la malaya a Che Hamadi, nadula chingwe cha thumba lija. Chimanga chidakhuthukira m'lichero.

Atatero adavula nsapato, napita kuseri kwa mpanda kumene apongozi sakadamuona, nagwada pa dothi lotentha.

"Mwanahawa, uwauze amayi kuti mkamwini wawo adachita zopanda mwambo. Nkhuku yopepesera ndilibe. Andikhululukire."

Abiti Chande adatapa chimanga m'manja, nachinunkhiza, nachibwezera m'lichero.

"Mwanahawa, uwafunse: chitsulo chawocho chikasendeka, chidzadyetsa yani?"

"Mwina zidzukulu za mwanayu," adayankha Usumani kuseriko. "Akuti magetsi a m'tsogolo adzachokera m'ng'anjo zomangidwa ndi chitsulo chimenechi. Lero lokha sichidyetsa munthu."

"Chabwino kuti sananame. Uwauze kuti njinga ya malemu abambo ako ili kuchipinda. Kwa Wyson wometa, pamsika paja, kuli sola. Amake ndidavinidwa nawo limodzi, sangandikanire. Akabzalenso masamu awowo kumeneko."

Usumani adaomba m'manja katatu, misozi ikudonthera pa dothi.

"Ndipo uwauze," adapitiriza mayiwo akuyamba kupeta, "kuti popita adzere kuchigayo. Uthenga umenewu ukaufikitse wonse, wamva?"