Moni wa Dijeyi Chiphokoso

"Usatsegule! Iwe Nankhoma, ndati usatsegule chitseko chimenecho! Aaa, chitsiru cha mkazi!"

Anthu onse m'minibasi anatembenuka. Ena anayesa kuti kwagwa mwana. Koma ayi, anali Eliness, mtsikana woluka tsitsi pa Namitete, ali pampando wakumbuyo, maso ali tong'o pa foni. Minibasi inali idakali pa siteji ya Msundwe kudikira kudzaza, iye n'kuti atamira m'filimu mpaka m'khosi.

Filimuyo inali ya magawomagawo, ija ankaitcha Chipata cha Mitambo, ya zinjoka zolavula moto ndi malupanga olankhula. Eni ake ankalankhula zakwawo, koma pamwamba pake pankamveka Dijeyi Chiphokoso wa m'tauni, yemwe ankamasulira m'Chichewa n'kumawapatsa maina akumudzi. Mwana wa mfumu anamutcha Nankhoma. Mnyamata wapahatchi amene ankamufunsira anamutcha Jekete.

"Achemwali, mukukalipa chonchi, akukumvani kodi?" anafunsa mnyamata amene anakhala pambali pake. Anali wometa bwino, wonunkhira ngati sopo watsopano.

"Akanamandimva bwenzi ali ndi nzeru!" anayankha Eliness osamuyang'ana n'komwe. "Taonani inu. Mwamunayu mwezi ukangotuluka amasowa. Tonse tikudziwa kuti amasanduka kadzidzi n'kukaulula zonse kwa mfiti ya kuphanga. Koma iyeyu kufunsa kuti, 'Kodi bambo mumapita kuti?' ayi. Wangomva kuti 'ndimakukonda', mutu wonse wasungunuka ngati majarini padzuwa."

Mnyamatayo anaseka. "Muli kumbuyo inu. Ine ndinaonera kale mpaka pamene Jekete..."

"Musandiuze! Mukandiuza nditsika pompano!"

"Chabwino, ndatseka pakamwa. Ndine Frazer. Ndili ndi kashopu kuseri kwa msika pa Namitete pompo, ndimaika nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi. Gawo lililonse limafikira kwa ine lisanafike kwa wina. Maso okongola ngati anuwa asamadikire pamzere."

Apo m'pamene Eliness anadzutsa mutu.

Mbewa siifera diwa, imafera kachimanga kali pansi pakepo.

Kuyambira sabata imeneyo, Lolemba lililonse Frazer ankatulukira pa saluni, gawo latsopano lili m'thumba la shati. Eliness ankatsamiritsa foni pagalasi, zala zili m'mutu mwa kasitomala, pakamwa pali pa filimu. Ndipo pakamwa pake panalibe buleki.

Gawo limene anapha chinjoka Bwande, anakwiya tsiku lonse. "M'filimu monsemu wanzeru anali mmodzi yekha, chinjoka chija. Chinkati chikaona Jekete n'kumabangula. Ndiye apha chimenecho n'kusiya zitsiru zokhazokha!"

Gawo lotsatira linamukwiyitsanso. "Chiyambire mpaka kutha anthu akungoyenda m'chipululu. Ndikafuna kuona anthu akuyenda si ndingoima pamsewu wa ku Mchinji?"

Koma chimene chinkamupsetsa mtima koposa chinali chizolowezi cha Dijeyi Chiphokoso chopereka moni pakati pa filimu.

"Nkhondo yafika pachimake, lupanga lili m'mwamba, iye ndiye, 'Ndipereke moni kwa a Tomasi okonza njinga pa Njewa!' A Tomasiwo akumenya nawo nkhondoyi? Atichitira chiyani a Tomasi?"

Tsiku lina Frazer anamusiya amalize kukalipa, kenaka anamunong'oneza. "Nanga tsiku lina atati, 'Moni kwa Eliness, duwa la pa Namitete,' ungakalipenso?"

Chipeso cha Eliness chinaima m'mwamba.

"Dijeyi uja ndi mnzanga wa ponda apa n'pondepo. Ndikamuuza, dzina lako limveka kuyambira ku Kabudula mpaka ku Mpingu. Ndikufuna dziko lidziwe kuti ndiwe wanga."

Mtsikana uja amene ankatukwana moni anayamba kutchera khutu pa moni aliyense. Ha, chikondi!

Mauthenga ndiye ankagwa ngati mvula ya mu Januwale.

"Wadzuka bwanji nthiti yanga? Ine sindinagone, umangoyendayenda m'mutu mwangamu."

"Bebi, chinjoka chitabwera ndingaime kutsogolo kwako, chiwotche ine."

"Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, chaka chino sichitha usanalowe m'nyumba mwanga."

Eliness ankawawerenga mobwerezabwereza mpaka batire kutha. Anapita kwa malume ake a Petro ku Mpingu n'kuwauza kuti wapeza munthu, ndipo akwawo kwa munthuyo abwera kudzaonekera. Kutchalitchi anauza amayi a kwaya. Pamsika ngakhale ogulitsa tomato ankamutcha kale "akwa Frazer".

Mmodzi yekha amene sanaombe m'manja anali Dailesi, mnzake wa pa saluni.

"Sisi, ndifunse nawo. A Frazer akowa Lachisanu amapita kuti?"

"M'tauni, kukatenga magawo atsopano."

"Mpaka Lolemba? Gawo limalemera ngati belo la fodya?"

"Amadikira Dijeyi amalize kumasulira."

"Nanga foni amazimitsiranji?"

"Kumene amagonako kulibe magetsi. Iwe Dailesi, nsanje idzakupha!"

Dailesi anangoloza foni imene inali pagalasi, m'mene Jekete ankapsompsona dzanja la Nankhoma. "Ine ndangofunsa. Paja umati mkazi azifunsa, eti?"

"Zimenezo n'za m'filimu!"

Anyani amasekana zikundu. Munthu kuona kadzidzi wa mnzake ali kutsidya la nyanja, wake ali padenga osamuona!

Tsiku loyamba limene anapangana, akwawo kwa Frazer sanabwere. Akuti kunagwa maliro. Tsiku lachiwiri sanabwerenso. Akuti amalume ake anaperekeza fodya ku okushoni. A Petro anasesa bwalo kawiri konse, n'kuvala jekete lawo la kutchalitchi, n'kulivulanso.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero pafoni, "ine ndine wamkulu, anthu asamandiseke pamudzi. Loweruka likubwerali likhale lomaliza."

"Abwera, malume. Andilumbirira."

Sabata yomweyo filimu inafika pouma. Gawo lapitalo linathera pamene Nankhoma, kwa nthawi yoyamba, anatenga muuni n'kuyamba kulondola Jekete m'nkhalango. Eliness anavina m'saluni. "Mwamuona? Nzeru zabwera! Mochedwa, koma zabwera!"

Lolemba Frazer anafika chimanjamanja.

"Gawo lija lafika lowonongeka, bebi. Likungodukaduka. Ndikupatsa lotsatira lake."

"Kudumpha gawo? Inu, nyumba amafolera asanaimike zipupa? Ndipatseni lodukadukalo, ndilumikiza ndekha."

"Ndafufuta."

"Mwafufuta?"

"Silabwino n'komwe. Akungoyendanso m'nkhalango, ungokwiya nalo." Anapukuta thukuta pamphumi, kunja kuli kozizira. Kenaka anamugwira chibwano. "Tisiye za mafilimu, mfumukazi yanga. Loweruka uvala chitenje chiti?"

Atachoka, Eliness anakhala pansi n'kuganiza. Frazer sanafufutepo gawo chiyambire. Nanga thukuta lija? Nanga maso othawathawa aja? Mwadzidzidzi anadumpha n'kumugwira Dailesi m'mapewa.

"Ndadziwa! Moni wanga uja ali m'gawo limeneli! Akubisa dala kuti adzandidzidzimutse Loweruka pamaso pa amalume!"

"Kapena," anatero Dailesi.

"Palibe za kapena. Amuna sadziwa kubisa."

Lachinayi m'mawa anakwera minibasi mpaka pa Msundwe, kumene kunali shopu ina ya mafilimu. Anamuikira gawo lija bwinobwino, losaduka paliponse. M'njira monse foni inali m'chikwama. Mtima unkamuyabwa, koma anapirira. Dzina lake alimve yekha? Ayi, alimve pamodzi ndi anthu!

Pofika pa saluni anapeza padzaza. Anaitananso amayi a tomato ndi atsikana a telala woyandikana naye. Anabwereka kasipika, n'kulumikiza foni, n'kukweza mawu mpaka kumapeto. Kenaka anayamba kuluka mayi Rute, mkazi wa aphunzitsi, amene ankakonzekera ukwati wa mng'ono wawo.

"Tcherani makutu, amayi," anatero akumwetulira. "Lero mumva zina."

Filimu inayamba. Nankhoma ali m'nkhalango, muuni uli m'dzanja. Patsogolo pake Jekete waima pansi pa mtengo wouma, akuvula malaya. Mwezi ukutuluka. Saluni yonse inali zii.

Pomwepo mawu a filimu anatsika, Dijeyi Chiphokoso n'kulowa.

"Tiime kaye pamenepo, abale anga! Ndipereke moni wapadera kwa mnzanga wapamtima, Frazer wa pa Namitete, mnyamata wa mamemore khadi!"

Amayi anakuwa. Eliness anagwira pachifuwa, n'kutsinzina.

"Frazer pamodzi ndi mayi a kunyumba, alamu anga a Naomi, ku Nsaru uko! Mulungu wawadalitsa ndi mwana wamwamuna, wachiwiri ameneyo! Ndakamuona ndekha, mphuno ndi ya bambo ake yeniyeni! Frazer mbale wanga, wagwira ntchito! Tiyeni tipitirize, Jekete uja wamera nthenga!"

Palibe anayang'ana nthengazo.

Wina anatsokomola. Amayi a tomato anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya benchi yopanda munthu. Dailesi anatambasula dzanja kuti azimitse.

"Usazimitse," anatero Eliness. "Bweza."

"Sisi..."

"Ndati bweza!"

Dijeyi ananenanso. Naomi. Nsaru. Wachiwiri. Mawu aja sanasinthe ngakhale limodzi.

"Mwanawe, ukundikoka tsitsi," anadandaula mayi Rute.

Eliness anasiya tsitsi lija, mutu uli wolukidwa mbali imodzi. Anazula foni pasipika n'kutuluka. Sanathamange. Anadutsa pakati pa msika, patapata akulira kumapazi, anthu akumupatukira.

Anamupeza Frazer ali pakompyuta, anyamata a kabaza atazungulira pakhomo kumvera nyimbo.

"Aa, mfumukazi yanga! Wandisowa kale?"

"Ndabwera kudzakuyamikirani, bambo a khanda. Mayi ali bwanji ku Nsaru? Akuyamwitsa bwino?"

Nkhope ya Frazer inagwa ngati chipupa cha zidina pamvula. Anatsitsa nyimbo. "Bebi, tiye tikakambirane kuseri."

"Kuseri kukatani? Dijeyi wanena kuseri? Wauza dziko lonse, kuyambira ku Kabudula mpaka ku Mpingu, monga munalonjezera muja!"

"Wasokoneza maina ameneyo. Ma Frazer ndi ambiri."

"A pa Namitete? A mamemore khadi?"

"Chabwino, tamvera. Naomi ndi mlongo wanga, Dijeyi sanamvetse..."

"Mlongo wanu wabereka mwana wa mphuno yanu? Ndiye nkhaniyi yakula, tiitane apolisi!"

Anyamata a kabaza anaphulika nako kuseka. Mmodzi anachita kugwira njinga kuti asagwe.

Frazer anatsitsa mawu, n'kuyesa kumugwira dzanja. "Eliness, duwa langa, ndimvere. Mkazi uja tinasiyana kalekale mumtima. Ndimangopitako chifukwa cha ana. Amene ndimakonda ndiwe. Ndimafuna ndikuuze zikatha za Loweruka."

"Zikatha za Loweruka!" anabwereza Eliness. "Ndiye Lowerukalo mukanabwera ndi yani? Malume obwereka pa siteji? Kapena kukanagwanso maliro? Mwatsala ndi abale angati oti muwaphe, a Frazer?"

Frazer anayang'ana pansi.

"Malume anga asesa bwalo kawiri chifukwa cha inu. Munthu wamkulu, wa imvi! Ine ndaimika amayi a kwaya kuti ayambe kuphunzira nyimbo. Lero ndaitana msika wonse ndi pakamwa pangapa kuti udzamve manyazi anga. Ndinakulakwirani chiyani? Ndinangokhala m'minibasi, ndikuonera filimu yanga!"

Apa misozi inamugonjetsa. Anaipukuta ndi mkono mwaukali, ngati ikumuchititsa manyazi.

"Bebi, usalire. Ndikonza zonse. Ndimuimbira Dijeyi, gawo likubwerali atchula iwe."

Eliness anamuyang'ana nthawi yaitali. Mwamuna ameneyu ankaganizadi kuti chimene chasweka ndi moni!

"Musandiyitanenso bebi. Bebi muli naye kale, ali ku Nsaru, akufuna matewera."

Anatuluka. Foni inayamba kunjenjemera ndi mauthenga asanafike n'komwe pamsewu. "Nthiti yanga, moyo wanga ndi chabe popanda iwe." Wina. "Ndipatse mpata umodzi wokha." Wina. Sanawatsegulenso.

Anaima pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, malole a fodya akudutsa, fumbi likumumata pamasaya onyowa. Ku saluni mayi Rute ankamudikira ndi mutu wa theka. Amayi a kwaya adzamva okha, pa Namitete nkhani siigona. Koma panali munthu mmodzi amene sankayenera kumva kwa anthu.

Anaimba. Inaitana kanthawi.

"Halo, Eliness? Wachita bwino kuimba, mwana wa mlongo wanga. Azakhali ako agwira kale tambala uja, tamumanga mwendo. Alendowa abwera angati?"



"Mumasuleni, malume. Kulibe alendo."

A Petro anapumira m'mwamba, motopa.

"Asinthanso tsiku?"

"Ayi, malume. Ulendo uno ndasintha ndine."